Oyendera chitetezo atitseketsa makina: tizigwira ntchito kapena tizingodzaza mafomu?

Mpalamatabwa:
Akuluakulu, ndiloleni nditulutse zakukhosi pano, poti kunyumba mayi a ana anena kuti nkhaniyi yawakwana. Ndili ndi shopu yopala matabwa, anyamata 14. Lachiwiri m'mawa tangoona anthu awiri atulukira pageti, mafayilo kukhwapa, akuti ndife oyendera chitetezo cha pa ntchito. Foni osaimba, kalata osatumiza. Ife tili kalikiliki ndi oda ya zitseko 40 zofunika Lachisanu.

Azungulira maola atatu. Zozimitsira moto ziwiri akuti zinapitirira tsiku ndi mwezi umodzi. M'bokosi la mankhwala mabandeji ngochepa. Buku lolembamo ngozi palibe. Utuchi wachuluka pansi. Chitseko chakumbuyo nchokhoma ndi loko. Kenako afika pa macheka a patebulo, makina amene amatidyetsa tonsefe, amatapo pepala kuti asayatsidwe mpaka titabwezeretsa chotchinga mpeni wake.

Chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Chaka chatha kunabwera wina wa ku ofesi yomweyo. Anadutsa pa macheka omwewa akulira, sananene kanthu. Iye mtima wake unali pa zimbudzi ndi zikwangwani za pakhoma. Ndinapenta, ndinakhoma zikwangwani, ndinaika sinki. Pano abwera anzake, kuzimbudziko sanasuzumireko nkomwe. Ndiye lamulo ndi liti? Limasintha ndi nkhope ya munthu?

Komanso kutsidya kwa msewu kuli anyamata akudula matabwa pansi pa mtengo, mawaya ali pamtunda, kuphazi kulibe nsapato. Palibe amawayendera chifukwa sanalembetse kulikonse. Ife tinalembetsa, msonkho timakhoma, ndiye adiresi yathu ndi imene ili m'fayilo. Kulembetsa bizinesi kwasanduka mlandu?

Wagaraja:
Pepani achimwene. Ine anandipeza mwezi wathawu. Anandifunsa satifiketi ya kompuresa, ndinangoti kukamwa yasa. Kompuresa ndinagula kwa munthu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, satifiketi ndikaitenga kuti?

Kontilakita:
Simunawamvetse bwino anthuwo. Akamachulukitsa zolakwa choncho amakhala akudikira kuti muwaitanire pambali. Sindikuti onse, koma ndakumana nawo angapo oti ukangotulutsa kangachepe, mndandanda wa zinthu khumi umatsala ziwiri. Ine zimenezi ndinasiya, chifukwa ukapereka kamodzi wasanduka munda wawo, chaka chilichonse abwera kudzakolola.

Mpalamatabwa:
Awa sanapemphe kanthu bwana, ndisawanamizire. Ngakhale mpando anakana.

Mayi Telala:
Za magalasi ndi zotseka pamphuno sanakufunseni? Ine ndili ndi amayi 22 pa makina osokera. Ndinagula zotseka pamphuno chifukwa cha fumbi la nsalu, sabata imodzi zonse zili m'zikwama, ena akavalitsa ana kunyumba. Woyendera akabwera wolakwa ndine. Kodi munthu wamkulu, wa ana ake, ndizimugwira pamphuno?

Inspekita Wopuma:
Ndawerenga zonse, ndipo poti ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zambiri ndisanapume, ndiyankheko. Ena mundida, palibe kanthu, ndinazolowera kulandiridwa ndi nkhope zokwinya.

Kubwera osanena si mwano wa anyamata awiriwo. Pangano nambala 81 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la chaka cha 1947, limene maiko ambiri anasainira, limapatsa woyendera mphamvu yolowa pamalo a ntchito nthawi iliyonse, usana kapena usiku, osachenjeza. Chifukwa chake mukuchidziwa nonse. Tikanena kuti tibwera Lachiwiri, Lolemba madzulo shopu imasesedwa, mahelemeti amabwerekedwa kwa aneba, mwana wosakwana zaka amauzidwa kuti mawa usabwere. Ndinafikapo pamalo ena nkupeza majombo onse ali ndi mapepala a kusitolo kunsi kwake.

Koma pangano lomwelo limanenanso kuti ntchito ya woyendera ndi kulangiza olemba ntchito ndi antchito momwe angatsatire lamulo, ndipo limamupatsa ufulu wochenjeza kaye m'malo mothamangira kukhoti. Mbali imeneyi ndi imene anzanga ambiri amaiiwala. Woyendera wabwino akakulemberani cholakwa ayenera kukuuzani ndime ya lamulo, chimene mukonze, ndi tsiku lomaliza. Ngati sanatero, funsani, ndipo zikhale zolembedwa.

Zoti wa chaka chatha anaona zimbudzi, wa chaka chino waona macheka, mukunena zoona ndipo nzochititsa manyazi. Wina anaphunzira za umoyo, wina za makina, aliyense amaona chimene maso ake anazolowera. Ofesi yolongosoka imayenera kukhala ndi mndandanda umodzi ndi kuwerenga lipoti lakale isanatumize munthu. Za anyamata a pansi pa mtengo, nazonso nzoona. Oyendera ndi ochepa, galimoto imodzi anthu khumi, ndiye amapita kumene kuli geti ndi dzina.

Pa macheka pokhapo, bambo, sindikuikirani kumbuyo. Ndikanakhala ine ndikanamatanso pepalalo.

Wagaraja:
Nanga za kompuresa yanga, akulu?

Inspekita Wopuma:
Thanki ya kompuresa imasunga madzi kunsi, imachita dzimbiri mkati pamene kunja penti ikuwala. Ikaphulika siichenjeza. Satifiketi imene akufunayo si ya kusitolo, ndi ya katswiri amene waiyeza. Pakali pano muzitsegula kampopi kakunsi tsiku lililonse madzi atuluke, ndipo onetsetsani kuti valavu yotulutsa mpweya ukachuluka ikugwira ntchito.

Zala Zitatu:
Mabwana mwalankhula, ndiloleni nane wantchito ndiponyepo mawu. Dzina langali si nthabwala, dzanja lamanja linatsala ndi zala zitatu. Zinapita pa macheka ngati anuwo, a Mpalamatabwa.

Tsikulo tinali ndi oda yothamanga. Chotchinga chinali chitachotsedwa kalekale chifukwa akuti chimachedwetsa, komanso kachitsulo kaja kamene kamaima kumbuyo kwa mpeni kuti thabwa lisatsine. Thabwa linali lauwisi pang'ono. Litafika pakati linatsina mpeni, linabwerera ngati lakankhidwa ndi ng'ombe, dzanja langa nkupitirira kutsogolo. Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinangoona utuchi wafiira, mnzanga akukuwa. Galimoto panalibe, anandikulunga ndi malaya ake.

Amayi a Telala mwati antchito savala zodzitetezera. Nzoona, ena ndife osamva. Koma funsani kaye chifukwa chake. Magalasi amene tinkapatsidwa anali amodzi anthu anayi, okalikakalika, ukavala mphindi zisanu achita nthunzi, mzere wa pensulo osauona. Malipiro anali pa chitseko chimene wamaliza. Ukasamala, mnzako wapanga zisanu iwe zitatu, kapitawo akukuyang'ana ndi diso lofiira. Bwana pakamwa amati samalani, koma mawerengedwe ake a ndalama amati thamangani. Ife timamvera mawerengedwewo.

Mayi Telala:
Pepani kwambiri achimwene. Chipepeso anakupatsani?

Zala Zitatu:
Patapita zaka ziwiri, mayi. Buku la ngozi kunalibe, ndiye abwana anayamba kunena kuti ndinavulalira kunyumba. Anandipulumutsa ndi mnzanga wa malaya uja, anakachitira umboni ngakhale ankadziwa kuti ntchito imuthera.

Mpalamatabwa:
Mwandikhudza achimwene. Ndivomere pano, chotchingacho ndinachotsa ndine ndemwe zaka zitatu zapitazo. Tinkadula mipata ya mafelemu, ndi chotchinga sizitheka. Ndinati tibwezeretsa mawa. Koma m'zaka zitatuzo palibe anavulalapo, nchifukwa chake ndikuona ngati kutseka makina onse kwanyanya. Akanandipatsa sabata.

Zala Zitatu:
Kwathunso zinatha zaka zambiri palibe wovulala. Woyamba ndinali ine.

Wokonda Mbiri:
Aliyense wagwira za macheka, koma ine chandiimitsa mutu ndi loko wa chitseko chakumbuyo. Shopu yodzaza utuchi, vanishi ndi thina, khomo lotulukira limodzi?

Pa 25 March 1911 ku New York kunapsa fakitale yosoka malaya ya Triangle. Anafa anthu 146, ambiri atsikana ndi amayi achichepere obwera kuchokera kumaiko ena. Fakitaleyo inali m'nsanjika za pamwamba, yachisanu ndi chitatu mpaka yakhumi, ndipo khomo lina linali lokhoma chifukwa eni ake ankaopa kuberedwa. Ena anadumpha pamawindo. Zaka 80 pambuyo pake, mu 1991, ku Hamlet m'chigawo cha North Carolina, fakitale ina inapsa nkupha anthu 25, zitseko zokhomanso, ndipo pa zaka 11 zimene inagwira ntchito oyendera chitetezo anali asanapondemo. Chifukwa chokhomera chimakhala chomwecho nthawi zonse: akuba.

Mayi Telala:
Koma akubawo alipodi bambo. Ine nsalu zinkatuluka pakhomo lakumbuyo mpukutu wathunthu. Musamayankhule ngati timakhoma chifukwa cha nkhanza.

Inspekita Wopuma:
Alipo mayi, palibe akutsutsa. Koma pali maloko otseguka mkati mokha, ongokankha chitsulo chitseko nkutseguka, kunja munthu sangalowe. Ena amaika belu lolira chitseko chikatseguka. Wakuba mumumva, ndipo pa moto anthu atuluka. Utsi ukadzaza m'chipinda, munthu saona ngakhale dzanja lake, ndiye zofufuza kiyi m'thumba la kapitawo iwalani.

Kontilakita:
A Wokonda Mbiri, poti mwatsegula mabuku, tsegulaninso tsamba ili. Mu September 2012 ku Karachi, Pakistan, fakitale ya zovala ya Ali Enterprises inapsa, anthu oposa 250 anafa. Masabata ochepa moto usanabuke, fakitaleyo inali italandira satifiketi yoti ikutsatira miyezo ya kasamalidwe ka antchito. Pepala linalipo, sitampu inalipo, koma mawindo anali ndi zitsulo, anthu anasowa potulukira. Apa ndi pamene ine ndimakwiyira. Pa saiti yanga ndimatha tsiku lathunthu ndikudzaza mafomu muofesi, nthawi imene ndikanakhala ndikuyang'ana ngati makwerero amangidwa bwino. Woyendera akabwera amayamba ndi fayilo. Fayilo ikakhala yonenepa amamwetulira. Pali makampani amene analemba munthu ntchito yongonenepetsa fayilo.

Wokonda Mbiri:
Pamenepo sindikutsutsani. Ndipo dandaulo lanulo si latsopano. Ku Britain komiti yofufuza za chitetezo cha pa ntchito, yotsogozedwa ndi a Robens, inanena mu 1972 kuti malamulo a chitetezo anachuluka, ali balalabalala, mpaka anthu anayamba kuona ngati chitetezo ndi nkhani ya boma osati yawo. Lamulo lawo la 1974 linachokera pamenepo, mfundo yake nkukhala yakuti amene wabweretsa chiopsezo ndi amene achisamale. Koma onani mbali inayo. Ku Rana Plaza, nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu ya mafakitale a zovala ku Bangladesh, ming'alu inaoneka pa 23 April 2013. Banki ndi masitolo a pansi anatseka. Osoka zovala anauzidwa kuti abwerere pa makina. Mawa lake nyumba inagwa, anthu oposa 1,100 anafa. Eni mafakitale anaona ming'aluyo ndi maso awo, koma oda inali yothamanga. Pakanakhala munthu wa mphamvu yomata pepala pakhomo tsiku limenelo, akanamutukwana ngati mmene tikutukwanira pano.

Wagaraja:
Aphunzitsi, ife tili ndi anyamata asanu, inu mukutiyerekeza ndi nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu. Nchimene chimandinyansa ndi malamulowa. Fomu imene amadzaza a fakitale ya anthu chikwi ndi yomweyo akundipatsa ine. Iwo ali ndi ofesi yonse ya zachitetezo, ine ofesi yanga ndi boneti ya galimoto.

Akawuntanti:
Apa a Wagaraja mwalasa. Mtengo wotsatira lamulo sugawika mofanana, wamng'ono amasenza wolemera pa mutu wa wantchito aliyense. Koma zoti kuyendera kumagwetsa bizinesi, anthu anaziyezapo. Mu 2012 magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wa ku California. Anatenga makampani 409 amene anayenderedwa mwa maere nkuwayerekeza ndi ena 409 ofanana nawo amene sanayenderedwe. Kwa oyenderedwawo kuvulala kunatsika ndi 9.4 peresenti, ndalama zowonongeka pa ngozi zinatsika ndi 26 peresenti, ndipo sanapeze umboni woti ntchito zinatha kapena makampani anatseka chifukwa cha kuyenderako.

Ine ndimasunga mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono angapo. Ngozi imodzi yaikulu imadya chipatala, chipepeso, masiku otseka, kuphunzitsa munthu watsopano, ndi kasitomala wothawa. Kungoti ndalama ya chotchinga imaoneka lero pa risiti, pamene ya ngozi imene sinachitike siioneka paliponse.

Kontilakita:
Ku California woyendera ali ndi galimoto, ali ndi makina oyezera phokoso, ndipo sayang'ana m'thumba mwako. Manambala amenewo ndi a kuyendera kochitika bwino. Kuyendera kwa munthu wongofuna kangachepe sikutsitsa ngozi ngakhale imodzi.

Akawuntanti:
Ndiye dandaulo lathu likhale loti aziyendera bwino, osati asamabwere.

Kontilakita:
Ine sindinanenepo kuti asamabwere.

Namwino wa Usiku:
Ndangotuluka kuntchito, ndapeza mwadzaza. Nonse mukukamba za magazi ndi moto chifukwa zimaoneka. ILO imati anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito, koma ngozi zimapha pafupifupi 330,000 okha. Otsalawo, cha m'ma 2.6 miliyoni, ndi matenda. Amenewo safika pa buku lanu la ngozi. Amabwera kwa ife patatha zaka, akutsokomola, akubanika, bwana anawaiwala kale.

A Mpalamatabwa, utuchi umene mukuuona ngati nkhani ya tsache uja, fumbi lake lopyapyala lili m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, komanso limadzetsa mphumu. A Kontilakita, anyamata anu odula simenti ndi miyala ndi galainda popanda madzi akupuma fumbi limene limaumitsa mapapo, ndipo mapapo akauma sabwerera, chifuwa chachikulu chimalowanso mosavuta. Phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku limagonthetsa pang'onopang'ono. Kuyeza kwake nkosavuta: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu amve, phokosolo lakwana kuononga makutu.

Mayi Telala:
Ndiye tibwerere pomwe paja asisi, ndagula zotseka pamphuno, savala. Nditani?

Inspekita Wopuma:
Mwayambira kumchira mayi. Pa kaphunzitsidwe ka chitetezo, zovala zodzitetezera ndi zomalizira. Choyamba nkuchotsa choopsacho ngati nkotheka. Zikakanika, sinthani ndi china chosaopsa kwambiri. Zikakanika, tchingani kapena kokani fumbilo ndi makina pomwe likutulukira, tsegulani mpweya uziyenda. Kenako sinthani kagwiridwe ka ntchito, monga kusesa ndi madzi m'malo mwa tsache louma. Chotseka pamphuno chimabwera zonsezi zitachitika. Mabwana amakonda kuyambira pa magolovesi ndi mahelemeti chifukwa nzotsika mtengo ndipo zikavuta mlandu umagwera wantchito. Tsono pa macheka ozungulira magolovesi ndi oopsa, mpeni ukakola nsalu umakoka dzanja lonse. Pamenepo pamafunika chotchinga ndi kamtengo kokankhira thabwa.

Mpalamatabwa:
Pali china chimene sindinanene. Anthuwa atangolowa analunjika kumacheka ndi kuchitseko chakumbuyo ngati akudziwa kale. Ndikukayikira mnyamata wina amene tinakangana naye za ovataimu mwezi watha. Ndikamupeza kuti ndi iye, sindikudziwa kuti ndidzatani.

Inspekita Wopuma:
Musayerekeze bambo. Woyendera saloledwa kuulula amene wadandaula, ngakhale kukuuzani kuti kwabwera dandaulo. Zili m'pangano lomwe lija la 1947. Mukamuchotsa mnyamatayo mwadziputira mlandu wina woposa wa macheka. Komanso munthu wozolowera ntchitoyi safuna womutsina khutu. Ine ndikalowa mu shopu ya matabwa maso amathamangira pa mpeni ndi pa khomo, ngati mmene inu mumadziwira thabwa lopindika muli patali.

Zala Zitatu:
Ngati ndi iyeyo, ndiye kuti anayamba wakuuzani inu kapena kapitawo, osamumvera. Wantchito sathamangira kuboma poyamba, amaopa. Mufunseni kapitawo wanu kuti anthu akhala akunena chiyani.

Wagaraja:
Koma anyamata enanso ndi akathyali, asatinamize. Wina ndinamuchotsa chifukwa choba masipanala, mawa lake ali ku ofesi ya zantchito akuti garaja ndi yoopsa. Zaka zitatu ankagwira momwemo osaona kuopsa.

Namwino wa Usiku:
Wakuba masipanala akhozanso kunena zoona za kompuresa yanu, achimwene.

Wagaraja:
Kkkkk asisi mwandipweteka. Madzi aja ndatulutsa lero, anatuluka ofiira ngati dothi, pafupifupi theka la ndowa yaing'ono. Ndachita mantha.

Wokonda Mbiri:
Pongowonjezera pa za kuchepa kwa oyendera: pamene Britain inakhazikitsa oyendera mafakitale oyamba mu 1833, analipo anayi okha dziko lonse, ndipo ntchito yawo yaikulu inali yoletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Eni mafakitale ambiri a nthawi imeneyo anakwiya, ankati boma likulowerera za eni.

Kontilakita:
Aphunzitsi, tsiku lina mudzabwere pa saiti mudzanyamule thumba la simenti limodzi, kenako tidzakambe za 1833.

Mpalamatabwa:
Ndabweranso akuluakulu, lero Loweruka. Chotchinga tachipeza kuseri, pansi pa mulu wa zidutswa za matabwa, chachita dzimbiri, mabawuti awiri kulibe. Kachitsulo ka kumbuyo kwa mpeni kanasoweratu, ndakapangitsa kwa owotcherera. Tamanga zonse Lachinayi madzulo. Za mipata ya mafelemu tiziyamba kudulira pa makina ena.

Kapitawo ndinamufunsa monga mwanenera a Zala Zitatu. Anayang'ana pansi, akuti anyamata awiri anadandaulapo za thabwa kubwerera, wina linamumenya pamimba mu June, anangopuma tsiku limodzi. Ine osauzidwa. Akuti ankaopa kuti ndinena kuti akuchedwetsa ntchito. Za loko ndiye ndachita manyazi: kiyi amasunga mlonda, ndipo mlondayo amafika 6 koloko madzulo. Tsiku lonse khomo limenelo linalibe kiyi pamalopo. Loko ndachotsa, masana tikungokoka chitsulo chamkati.

Koma mkwiyo wanga sunathe ayi. Lachisanu m'mawa ndaimba ku ofesi yawo kuti bwerani mudzaone, muchotse pepala lanu. Akuti amene anamata ali ku msonkhano. Ndaimbanso masana, akuti galimoto yapita kwina, mwina sabata ya mawa. Kutseka anatseka pa mphindi imodzi, kutsegula kukufuna sabata. Zitseko 40 zija zatuluka 26, kasitomala wanditukwana pamaso pa anyamata anga, ndipo anthu 14 ndiwalipira masiku onsewa makina ali chete.

Kontilakita:
Tumizani galimoto yanu ikawatenge, apo ayi mudikira mpaka mwezi uthe.

Akawuntanti:
Kutumiza galimoto sikusiyana kwenikweni ndi kangachepe kaja mumakana, a Kontilakita. Mawa adzati ndi mafuta omwe.

Inspekita Wopuma:
Pepalalo musalichotse nokha, ngakhale makina mwakonza. Jambulani zithunzi za chotchinga chili pamalo pake ndi za chitseko, lembani kalata yofotokoza zimene mwakonza ndi tsiku lake, mukaipereke pamanja kwa mkulu wa ofesiyo Lolemba m'mawa, ndipo akudindireni kope lanu. M'kalatamo mutchule kuti anthu 14 akukhala osagwira ntchito, ndipo mupemphe tsiku lenileni lobwera. Za galimoto mufunseni mkuluyo, osati woyenderayo, ndipo akavomera zilembedwe. Mutengenso lipoti la chaka chatha lija la zimbudzi, mukamuonetse kuti anthu ake awiri anaona shopu imodzi mosiyana.

Mpalamatabwa:
Lipotilo ndili nalo, ndinalisunga mu diloo limodzi ndi marisiti a penti. Lolemba 7 koloko ndili pakhomo pawo. A Zala Zitatu, kamtengo kokankhira kaja kamafunika kutalika bwanji? Ndikufuna anyamata apange tinayi mawa.

Zala Zitatu:
Kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya zala, kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo kumapeto mudule kampata kogwira thabwa. Mukamangirire ndi chingwe pa tebulo pomwepo, apo ayi Lachitatu mukapeza wina wakasonkhezera moto.